Bwana wa Mzinda wa Chicago: Kuyesa Buku la Mike Royko

Mabuku ambiri onena za moyo wa atsogoleri amalembedwa mtsogoleriyo atamwalira kale, ndipo kawirikawiri amene amawalemba ndiwo abale ace kapena anthu amene anadya naye m'mbale imodzi. Cifukwa cace mabuku otere amafanana ndi mau a pamaliro, pamene zabwino zokha zichulidwa ndipo zoipa zikwiriridwa pamodzi ndi mtembo. Buku limene Mike Royko analemba m'Cingelezi, lochedwa Boss, ndiko kunena Bwana, liri losiyana nao. Linasindikizidwa m'caka ca 1971, pamene munthu wonenedwa m'bukumo, Richard J. Daley, anali akali moyo, ali pa mpando wace wa umeya mu mzinda wa Chicago ku America, ali nazo mphamvu zonse zakubwezera womnyoza. Mlembiyo anali kukhala mu mzinda womwewo, nalemba nkhani pafupifupi tsiku ndi tsiku m'nyuzipepala ya Chicago Daily News.

Buku limeneli liyenera kuyesedwa mosamala, pakuti funso limene lidzutsa silikhudza Chicago yekha. Paliponse pamene pali khonsolo pamapezeka munthu amene akhalitsa pa mpando, namanga miseu ndi misika, nalemba ena nchito, nacotsa ena. Ndipo mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, nayamba kufunafuna nchito ku maofesi a boma, adzakomana naye munthu wotere tsiku lina. Kodi mtsogoleri amene wamanga zambiri akhululukidwe pa njira zimene anamangira? Royko ayankha kuti iai. Tsono cofunika ndico kuona ngati yankho lace liri loona, ndiponso ngati walifikira mwacilungamo.

Daley anabadwa pa 15 May 1902 ku Bridgeport, cigawo ca anthu anchito ca kumwera kwa mzinda, kufupi ndi makola aakulu ophera ng'ombe ndi nkhumba. Makolo ace anali Akatolika a mtundu wa ku Ireland, ndipo iye anali mwana mmodzi yekha m'banjamo. Anaphunzira zaukalaliki pa sukulu ya De La Salle, nagwira nchito kumakolako, naphunzira malamulo usiku ku DePaul kufikira anatsiriza m'caka ca 1933. Anakwera pang'onopang'ono, wosathamanga. M'caka ca 1936 analowa m'nyumba ya malamulo ya Illinois. M'caka ca 1946 anagonja pa cisankho ca mkulu wa apolisi a boma la Cook County, ndipo kugonja kumeneku ndiko kokha pa zisankho zonse za m'moyo wace. M'caka ca 1950 anakhala mlembi wamkulu wa bomalo, mu 1953 anakhala wapampando wa cipani ca Democratic m'boma lonselo, ndipo mu 1955 anasankhidwa meya. Anasankhidwa kasanu ndi kamodzi, nalamulira zaka 21, kufikira anamwalira mwadzidzidzi m'cipinda ca dokotala wace pa 20 December 1976. Pa zaka zonsezi sanasamuke ku Bridgeport.

Royko sayamba ndi kubadwa kwa Daley monga acitira alembi ambiri. Ayamba ndi tsiku limodzi la nchito. Wowerenga aona meya akuturuka m'nyumba yace yosadzionetsa mmamawa, apolisi akumdikira pakhomo. Aona galimoto likudutsa m'miseu, meya akulowa m'chalichi ca St. Peter kukamva Misa, ndi pambuyo pace akukwera ku ofesi yace kumene anthu ali kumlindira, yense ndi pempho lace. Ciyambi cimeneci ndico cigawo cokoma koposa ca buku lonse. Mlembi sanena kuti munthuyu ali ndi mphamvu. Aonetsa amene aimirira iye akafika, amene aloledwa kulowa msanga, ndi amene asiyidwa panja kufikira dzuwa litapendeka. Wowerenga akatsiriza masamba oyambawa adziwa kale makhalidwe a ufumuwo, asanauzidwe m'mene unayambira.

Pali cinanso cimene mlembi wacita mwanzeru. Pamwamba pa mitu ya bukuli waika mafunso ndi mayankho otengedwa m'bwalo la milandu, pamene Daley anaitanidwa kukacitira umboni m'caka ca 1970 pa mlandu wa anthu oimbidwa kuti anautsa cipolowe mu mzindamo, nafunsidwa ndi loya wao William Kunstler. Mayankho a Daley ali aafupi ndi ouma, monga a munthu amene sanazolowere kufunsidwa. Potero buku lonse likhala ngati bwalo: meya ali pa mpando wa mboni, ndipo mlembi atulutsa zimene mboniyo sinafune kunena. Njira imeneyi ikoka mtima, koma iululanso cimene Royko ali. Iye ndiye woimba mlandu, ndipo wowerenga ayenera kukumbukira cimeneci kufikira tsamba lomariza.

Phindu lalikulu la bukuli liri pa kufotokoza m'mene mphamvu ya Daley inali kuyendera. Cinsinsi cace cinali cakuti anagwira mipando iwiri nthawi imodzi, wa meya ndi wa mtsogoleri wa cipani. Monga meya anali ndi nchito za mzinda m'manja mwace. Monga mtsogoleri wa cipani anali kusankha amene adzaime pa cisankho, kuyambira khansala kufikira woweruza milandu. Mzinda unagawidwa m'zigawo 50, ndi cigawo ciri conse cinagawidwanso m'timadera ting'onoting'ono, ndipo kadera kali konse kanali ndi kapitao wace wa cipani. Akapitao ambiri anali anchito a boma: wina woyang'anira zimbudzi ndi mipope, wina kalaliki, wina woyendera nyumba. Nchito yeniyeni ya kapitao inali kudziwa khomo liri lonse, kuthandiza wosowa, kukonzetsa nyale ya pamseu, ndi kubweretsa mavoti pa tsiku la cisankho. Wobweretsa mavoti ambiri anali kukwera. Wolephera anali kutaya nchito imene inali kudyetsa ana ace. Anthu zikwi zambiri anali kudya mwa njira imeneyi, ndipo pambuyo pa munthu ali yense panali banja lace ndi abale ace amene anadziwa kumene nsima yao inali kucokera.

Royko aonetsa bwino kuti cingwe cotere sicifuna cikwapu. Munthu amene nchito yace iri m'manja mwa cipani amadziletsa yekha. Ndi cifukwa cace bwalo la khonsolo, limene linali ndi makhansala 50 ndipo kale linali ndi mau aakulu pa ndalama za mzinda, linasanduka bwalo longobvomereza. Mphamvu yakukonza ndondomeko ya ndalama za caka inacoka kwa makhansala ninka ku ofesi ya meya, ndipo meya mwini ndiye anali kukhala pa mpando potsogolera misonkhano yao. Otsutsa anali owerengeka. Wodziwika koposa mwa iwo anali Leon Despres, amene anakhala khansala kuyambira 1955 kufikira 1975, ndipo nthawi zina cokuzira mau cace cinali kuzimitsidwa iye akali kulankhula. Wofuna kudziwa m'mene khonsolo imafera ikali kusonkhanabe mwezi ndi mwezi adzapeza phunziro lokwanira m'masamba amenewa.

Mlembi ayenera kuyamikidwa pa cinthu cimodzi cimene woimba mlandu wopanda cilungamo akadabisa. Iye sanena kuti Daley anali wakuba ndalama za mzinda. Amuonetsa monga munthu wa mkazi mmodzi, tate wa ana 7, wopemphera tsiku ndi tsiku, wolimbikira nchito, amene njala yace inali ya mphamvu yokha. Koma pomwepo mpamene mlandu ukulira. Daley anadziwa kuti ena a om'zungulira anali kulemera ndi ziphuphu, ndipo anawalekerera malinga ngati anali kumumvera ndi kusamcititsa manyazi poyera. Zinthu zikaululika anali kudziwa kutembenuza tsoka likhale mwai. M'caka ca 1960 kunadziwika kuti apolisi ena a ku Summerdale anali kuba pamodzi ndi mbala yothyola masitolo. Daley anaitana O. W. Wilson, mphunzitsi wochuka wa za upolisi wocokera ku California, namuika mkulu wa apolisi, ndipo anthu amene akadamdzudzula anayamba kumtama monga wokonza zinthu. Manja a mtsogoleri angathe kukhala oyera pamene nyumba yace yadzala litsiro, ndipo bukuli lionetsa kuti kuyera kotere kumathandiza litsirolo kukhalitsa.

Mlandu wolemera koposa umene Royko aimba ukhudza anthu akuda. Akumbutsa za cipolowe ca m'caka ca 1919, cimene cinapha anthu 38, akuda 23 ndi Azungu 15, pamene magulu a anyamata a m'zigawo zonga Bridgeport anali kusaka anthu akuda m'miseu. Daley anali wa zaka 17, ndipo anali wa gulu lina lotere lochedwa Hamburg, limene pambuyo pace analitsogolera. Mlembi acenjera pamenepa: sanena kuti Daley anaponya mwala, koma kuti anakulira pakati pa oponya miyala ndipo sanafune kulankhula za masiku amenewo. Atakhala meya, mavoti a anthu akuda anamthandiza kwambiri, makamaka mu 1963 pamene Azungu ambiri anamfulatira natsata Benjamin Adamowski. Koma mphotho yao inali yocepa. Nyumba za boma za osauka zinamangidwa mounjikana m'zigawo za anthu akuda zokhazokha. Zazikulu koposa zinali Robert Taylor Homes, nyumba 28 zosanjikiza ka 16, zotsirizidwa mu 1962, ndipo mseu waukulu wa Dan Ryan unadutsa pakati pa izo ndi zigawo za Azungu za kumadzulo kwace. Pamene Martin Luther King anadza mu 1966 kudzatsutsa tsankho la nyumba, anagendedwa mwala ku Marquette Park. Daley anakhala naye pansi, napangana naye cipangano ca mau okoma, ndipo King atacoka zinthu zambiri zinatsala monga zinaliri.

Caka ca 1968 ndico cimake ca nkhani yonse. M'mwezi wa April, King ataphedwa, kumadzulo kwa mzinda kunabuka moto ndi cipolowe, ndipo Daley ananena poyera kuti anafuna apolisi aombere ndi kupha otentha nyumba, ndi kulemaza olanda katundu. M'mwezi wa August cipani cace cinacita msonkhano waukulu mu Chicago, ndipo apolisi anakwapula acinyamata otsutsa nkhondo ya ku Vietnam, pamodzi ndi atolankhani ndi ongodutsa, dziko lonse likuona pa wailesi ya kanema. Lipoti la Daniel Walker, limene linafufuza za masikuwo, linanena kuti pena apolisi eni ndiwo anacita cipolowe. Royko alemba zimenezi ndi mkwiyo wosabisika, ndipo pano mkwiyo wace uli ndi maziko, pakuti umboni unalipo wambiri.

Angakhale ziri tero, bukuli liri ndi zofooka zace, ndipo coyamba ndi ici: silifotokoza mokwanira cifukwa cimene anthu anamkondera Daley. M'caka comwe linaturuka, iye anapambananso cisankho ndi mavoti pafupifupi 7 pa mavoti 10 ali onse, napambananso mu 1975. Sikutheka kuti onsewa anagulidwa kapena kuopsezedwa. Ambiri anali anthu anchito amene anaona zinyalala zikucotsedwa, miseu ikuwala usiku, ndi meya wolankhula monga iwo, wopemphera monga iwo, wokhala m'nyumba yonga yao. Royko anawadziwa bwino anthu amenewa, popeza anabadwira pakati pao mu 1932, mwana wa mai wa mtundu wa ku Poland ndi tate wocokera ku Ukraine, nakulira pamwamba pa nyumba yogulitsiramo mowa. Komabe cikondi cao pa Daley acionetsa kawirikawiri monga mantha kapena tsankho. Zonsezi zinalipo, koma mlembi amene afuna kucenjeza anthu za mtsogoleri wotere ayenera kubvomereza kukoma kwa cimene mtsogoleriyo apereka. Apo ai, wowerenga sadzamzindikira akadzakomana naye, cifukwa adzakhala akuyembekeza cirombo pamene kukudza munthu waulemu wobweretsa madzi ndi nchito.

Cofooka caciwiri ciri pa zomanga. M'masiku a Daley bwalo la ndege la O'Hare linakula kufikira linaposa mabwalo onse a pa dziko pa kuculuka kwa apaulendo; miseu yaikulu inatsegulidwa; nyumba ya zionetsero ya McCormick Place inamangidwa; sukulu yaikulu ya University of Illinois inatsegula malo ace atsopano mu 1965. Royko azichula zina mwa izi, koma makamaka pofuna kuonetsa amene anapindula ndi makontrakiti ndi amene anagwetseredwa nyumba zao. Mafunso amenewa ali oyenera. Koma pa zaka zomwezo mizinda ina ya mafakitale, monga Detroit ndi Cleveland, inafota kwambiri, ndipo mu 1975 New York anatsala pang'ono kulephera kulipira ngongole zace pamene Chicago anali kukhulupiridwabe ndi obwereketsa ndalama. Woweruza wolungama akadaika zimenezi pa muyeso, nafunsa ngati pakati pa mzinda pakadapulumuka popanda dzanja lolimba lotere. Royko safunsa funso limeneli mozama, ndipo posalifunsa asiyira okonda Daley khomo lothawirapo.

Cacitatu ndico kalembedwe. Mau a Royko ali aafupi, akuthwa, oseketsa, a munthu wozolowera kulemba za tsiku limodzi. Amakoka wowerenga kotero kuti buku limatha msanga. Koma nthabwala iri ndi ngozi yace. Daley anali wopunthwa lilime polankhula, ndipo kumseka pa cimeneci kungamcititse wowerenga kuyesa kuti anali munthu wopusa, pamene buku lomwelo lionetsa kuti anali wocenjera koposa adani ace onse. Ndiponso Daley sanalole kuceza ndi mlembiyo, ndipo ambiri amene anaulula zinthu sanafune kuchulidwa maina, kotero kuti wowerenga ayenera kukhulupirira mau a Royko pa zinthu zina popanda njira yakuzitsimikizira yekha. Za mumtima mwa Daley, cimene anali kuganiza akagwada m'chalichi mmamawa uli wonse, bukuli silifikako.

Akulu anati citsime cimadziwika kuya cikaphwa, ndipo zaka zimene zinatsata zinapereka umboni umene Royko analibe polemba. Mu 1972 Ralph Metcalfe, mmodzi wa atsogoleri akuda amene Daley anawakweza, anapatukana naye cifukwa ca nkhanza za apolisi. M'caka comweco bwalo la milandu linakhazikitsa lamulo lochedwa ndi dzina la Shakman, loletsa kucotsa munthu nchito ya boma cifukwa ca ndale. Mu 1973 kunamveka kuti malonda a inshuwalansi a mzinda anapatsidwa kwa kampani imene mwana wace wina anali kugwirako nchito. Mu 1974 Thomas Keane, amene anali dzanja lace lamanja m'bwalo la khonsolo, anapezeka wolakwa pa mlandu wa cinyengo. Daley atamwalira, sukulu za mzinda zinapezeka mu 1979 ziri m'ngongole yaikulu kotero kuti aphunzitsi anasowa malipiro. Anthu a mu mzinda, amene anali oposa 3,600,000 mu 1950, anatsala pafupifupi 3,000,000 mu 1980. Mu 1983 anthu akuda anasonkhanitsa mavoti ao nathandiza kusankha Harold Washington, meya woyamba wakuda. Nyumba za Robert Taylor zinasanduka malo a umphawi ndi upandu, ndipo yomariza inagwetsedwa mu 2007. Koma O'Hare alipobe, pakati pa mzinda panakhalabe pa moyo, ndipo mwana wace Richard M. Daley anasankhidwa meya kuyambira 1989 kufikira 2011, zimene zionetsa kuti dzinalo silinanyansidwe ndi onse.

Poyesa zonsezi pamodzi, cioneka kuti Royko analondola pa zazikulu ndipo anaperewera pa zina. Analondola ponena kuti ulamuliro womangidwa pa kukhulupirika kwa munthu mmodzi umabala ziphuphu, ndi kuti amene analipira mtengo waukulu wa mtendere wa Chicago ndiwo anthu akuda ndi osauka. Anaperewera posayesa mokwanira zimene mzinda unalandira. Wofuna mbiri yodzala, yokhala ndi umboni wolembedwa, adzaipeza m'buku lalitali lochedwa American Pharaoh, limene Adam Cohen ndi Elizabeth Taylor anatulutsa m'caka ca 2000. Koma alembi amenewo analemba mwini nkhani atagona m'manda zaka zoposa 20. Royko analemba pamene kulemba kunali ndi mtengo wace, ndipo mkazi wa meya anayesa kucotsetsa bukulo m'sitolo ina ya zakudya, cimene cinangoonjeza ofuna kuligula. Mu 1972 Royko analandira mphotho ya Pulitzer cifukwa ca nkhani zace za m'nyuzipepala, ndipo anamwalira mu 1997.

Tsono Boss liyenera kuwerengedwa monga mau a mbali imodzi pa bwalo, onenedwa ndi mboni yolimba mtima ndi yodziwa mudzi wace. Wowerenga wacinyamata asatengeko cizolowezi cakunyoza atsogoleri onse, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo kutsogolera mzinda ndi katundu wolemera. Atengeko mafunso amene bukuli limphunzitsa kufunsa akaona mtsogoleri wokhalitsa pa mpando: amene alemba anthu nchito ndani, ndipo awalemba cifukwa ca luso lao kapena cifukwa ca mavoti, ndani atsutsa m'bwalo la khonsolo, ndipo cimamcitikira nciani akatsutsa, mseu watsopano wadutsa pa khomo la yani, ndipo wachinga yani. Mafunso amenewa angathe kufunsidwa mwaulemu, ndipo kalaliki wamng'ono amene awasunga mumtima pa tsiku lace loyamba la nchito adzadziwa cocita tsiku limene kapitao wa cipani adzamuuza kuti malipiro ace ali ndi mwini wace.